CILALA CINAPITA, KOMA NKHAWA INATSALA M'MIDZI

Pa 29 February 2024, Mtsogoleri wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca m'dzinja la 2023 mpaka 2024 cinali tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 a m'Zambia anakhudzidwa, ndipo cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni cinapserera m'minda cisanabereke. Dzinja lotsatira mvula inagwa bwino, kotero kuti mu 2025 dziko linakolola cimanga coposa matani 3.6 miliyoni, pamene mu 2024 linangopeza matani 1.5 miliyoni. Minda yowonongeka inawerengedwa, matumba a thandizo analembedwa m'mabuku, koma pali cotayika cina cimene sikelo ya ku depoti siingathe kuciyesa. Ndico mtendere wa mumtima wa makolo amene anacezera usiku maso ali gwa, osadziwa cimene ana adzadya kukaca.

Nkhokwe idzala ndi dzinja limodzi labwino, koma mtima wosweka sucira msanga cotero. Alipo anthu m'midzi amene mpaka lero sagona tulo, amene mtima uwagunda akangoona dzuwa laomba masiku atatu otsatizana m'mwezi wa January, ndiponso amene anasiya kupita kumunda, ku chalichi ndi kumaliro cifukwa ca kulema kumene iwo eni ake alephera kukufotokoza. Akatswiri a za umoyo achula mavuto amenewa kuti nthenda ya nkhawa ndi nthenda ya kukhumudwa. Funso lofunika kwa anthu a kumidzi ndi ili: kodi nthendazi zigwira yani kawirikawiri, ndipo cifukwa ninji?

Nthenda Zopanda Cilonda

Kuda nkhawa ndi kumva cisoni ndi mbali ya moyo wa munthu aliyense. Wofedwa alira, ndipo mlimi amene mbeu zake zafota adandaula. Zimenezi si nthenda ai. Cikhala nthenda pamene cisoni cakhazikika tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri kapena kupitirira, munthu osakondwanso ndi zimene kale zinali kumkondweretsa, cakudya osacifuna, tulo osatipeza, mphamvu zitatha, nayamba kudziona ngati wacabecabe kapena kuganiza kuti kufa kuli bwino. Imeneyi ndiyo nthenda ya kukhumudwa. Nthenda ya nkhawa ndi mantha opitirira muyeso amene sacoka ngakhale coopsa palibe: mtima kuthamanga, thukuta, kunjenjemera, kubanika m'cifuwa ndi maganizo ongozungulira pa cinthu cimodzi. Palinso nthenda ina yosinthasintha mtima, imene munthu nthawi zina akhumudwa koopsa, nthawi zina asangalala mopyola, osagona, kulankhula kosalekeza ndi kumwaza cuma.

Odwala ambiri safika ku kiliniki ndi mau akuti akhumudwa. Adandaula mutu wosapola, kupweteka kwa msana, kutentha m'mutu, kapena kuti ali kuganiza kwambiri. Apimidwa malungo, malungo osapezeka. Apatsidwa mankhwala a mutu, nabwerera kunyumba ndi katundu wao yemweyo. Ena aganiziridwa kuti alodzedwa, ena anenedwa kuti ndi aulesi. Koma nthendazi si ulesi, si ufiti, ndipo zisiyana ndi misala imene anthu aidziwa.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni anali ndi nthenda ya nkhawa, 280 miliyoni anali ndi nthenda ya kukhumudwa, ndipo 40 miliyoni anali ndi nthenda yosinthasintha mtima. M'caka coyamba ca mliri wa Covid-19, odwala nkhawa ndi kukhumudwa anaonjezeka ndi 25 pa 100 alionse. Ciwerengero cimeneci ciphunzitsa cinthu cacikulu: matupi a anthu sanasinthe m'caka cimodzi, cimene cinasintha ndi moyo umene anali kukhalamo.

Udzudzu Uculuka Kudambo

Udzudzu ungalume munthu aliyense, mfumu kapena mlendo, koma amene anamanga pafupi ndi dambo ndiye adwala malungo kawirikawiri. Ndi mmenenso ziliri nthenda za maganizo. Zingagwire wolemera kapena wophunzira, ndipo m'mabanja ena ziyenda m'magazi, makamaka nthenda yosinthasintha mtima ija. Komabe pali madambo ake amene aziculukitsa, ndipo madambowo ndi umphawi, nkhanza, umasiye, kusowa nchito, matenda okhalitsa ndi kukhala wekha.

Mu 1978 akatswiri awiri a ku Britain, George Brown ndi Tirril Harris, anafalitsa zimene anapeza atafunsa akazi a ku Camberwell mu mzinda wa London. Anaona kuti kukhumudwa kunali kubwera pambuyo pa coopsa cacikulu, monga imfa kapena kutha kwa ukwati, koma si onse ogweredwa tsoka amene anali kudwala. Amene anali kugwa msanga anali akazi opanda munthu wapamtima womuuza zakukhosi, amene mai wao anamwalira iwo asanakwane zaka 11, amene anali ndi ana atatu kapena oposerapo osakwana zaka 14 pakhomo, ndi amene analibe nchito yowatulutsa panyumba. Mu 1997 Melanie Abas ndi Jeremy Broadhead anafalitsa zofufuza zofanana pakati pa akazi a m'komboni ina ya ku Harare, napeza kuti pafupifupi mmodzi mwa akazi atatu alionse anadwala kukhumudwa kapena nkhawa m'caka cimodzi. Ciwerengero cinali cokwera kuposa ca ku London cifukwa masoka ogwera akazi a ku Harare anali oculuka. Tsono tsoka ndilo liyatsa moto, koma udzu wouma umene motowo ugwirapo ndi mkhalidwe wa munthu pakati pa anzake.

Umphawi Ndi Ngongole

Dambo lalikulu koposa ndi umphawi. Kufufuza kwa Boma kwa mu 2022 kunaonetsa kuti anthu 60 mwa 100 alionse m'Zambia anali osauka, ndipo kumidzi ciwerengero cinafika pafupifupi 79 mwa 100. Popeza oposa theka la anthu oposa 19 miliyoni amene anawerengedwa m'kalembera wa 2022 akhala kumidzi, nkhani imeneyi ikhudza khomo ndi khomo.

Umphawi sudwalitsa maganizo cifukwa ca kusowa kokha, koma cifukwa ca kusadziwa za mawa ndi manyazi amene ubweretsa. Mlimi wodalira mvula ali ndi zinthu zambiri zimene sangathe kuzilamulira: tsiku limene mvula idzayamba, tsiku limene fataleza adzafika, mbozi zimene zidzagwa m'munda, ndi mtengo umene wogula adzachula. Njala ikafika agulitsa mbuzi, kenaka njinga, kenaka apita kukagwira ganyu m'munda wa mnzake pamene wake uli kumera udzu. Potsiriza atenga kaloba, ndipo wobwereketsa akayamba kuyendera pakhomo, tulo tithawa.

Coopsa cake ndi cakuti umphawi ndi nthenda ya maganizo ziberekana. Wosauka adwala nkhawa, ndipo wodwala alephera kudzuka m'mamawa kukapalira. Zokolola zicepa, ngongole ikula, nthenda nayo ikulirakulira. Ici ndico cifukwa cake mvula yabwino ya caka cimodzi siitulutsa aliyense m'dzenje limene cilala cinamponyamo.

Katundu Wa Akazi

WHO inena kuti kukhumudwa kupezeka mwa akazi kuposa mwa amuna, kotero kuti pa amuna awiri alionse odwala pali akazi atatu. Ena anganene kuti akazi ndi ofooka mtima, koma woyang'ana tsiku la mai wa kumudzi sanganene conco. Iye ndiye ayamba kudzuka namaliza kugona: madzi, nkhuni, munda, mtondo kapena cigayo, ana, odwala ndi okalamba, zonse zili pa mutu pake. Koma ndalama za thonje, fodya kapena soya zikabwera, kawirikawiri alibe mau pa kagwiritsidwe kake. Nchito yambiri yopanda ulamuliro ndi imodzi mwa mizu ya kukhumudwa.

Muzu waciwiri ndi nkhanza za m'banja. Kufufuza za umoyo wa anthu kwa mu 2018 kunapeza kuti akazi 36 mwa 100 a zaka 15 mpaka 49 m'Zambia anamenyedwapo kucokera pamene anakwana zaka 15. Mkazi wokhala ndi mwamuna womenya akhala m'mantha usana ndi usiku, kumvetsera mapazi a mwamuna pobwera ku mowa kuti adziwe ngati lero kuli mtendere. Mabala a pathupi apola, koma mantha otere akakhalitsa asanduka nthenda. Ndipo ngati ankhoswe ndi alangizi angomuuza kuti ukwati ndi kupirira, ndiye kuti atseka khomo lokhalo limene akadatulukirapo mau ake. Lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi lilipo kuyambira mu 2011, ndipo apolisi ali ndi nthambi ya Victim Support Unit, koma lamulo lithandiza amene wapeza womperekeza.

Muzu wacitatu ndi nthawi ya pakati ndi ya ucembere. Pa dziko lonse, oposa mmodzi mwa akazi 10 apakati kapena amene angobereka kumene adwala kukhumudwa. Mai wotere alira popanda cifukwa cooneka, aopa kuti sadzatha kulera mwana, kapena samva cikondi cimene anali kuyembekezera, nabisa zonsezi poopa kunenedwa. Vutoli likulira mai amene mwamuna anamkana mimba kapena amene alibe womthandiza. Lifikanso kwa khanda, pakuti mai wodwala maganizo avutika kuyamwitsa ndi kupita ku sikelo, ndipo mwana angathe kukula mopinimbira.

Atsikana okwatiwa ali ana asenza mizu itatu yonseyi pamodzi. Kufufuza komweko kwa mu 2018 kunaonetsa kuti atsikana 29 mwa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati. Mtsikana wotere asiya sukulu, asiyana ndi anzake, nakhala pansi pa ulamuliro wa mwamuna wamkulu ndi apongozi. Mu December 2023 lamulo la ukwati linasinthidwa kotero kuti ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo, ndi wosaloledwa. Mafumu monga Kalonga Gawa Undi ndi Mfumu Madzimawe akhala akudzudzula maukwati a ana kwa zaka zambiri. Nkhondo imeneyi ndi yotetezanso maganizo a mbadwo wonse wa amai a mawa.

Amuna Amene Salira

Kucepa kwa amuna m'ziwerengero za odwala kukhumudwa sikutanthauza kuti iwo ali pabwino. Mnyamata aleredwa ndi mau akuti mwamuna salira, ndipo akakula ayesedwa ndi nkhokwe yake. Nkhokwe ikakhala yopanda kanthu, manyazi amdya mkati, koma alibe kumene angakanene. Ambiri athawira ku kacasu, umene uziziritsa mtima madzulo nuukulitsa nkhawa m'mawa. Ena asanduka aukali, ndipo nthenda ya bambo ikhala nkhanza kwa mai ndi mantha kwa ana.

Mapeto oopsa a kukhala cete kumeneku aoneka pa imfa zodzipha. WHO inawerengera kuti anthu oposa 700,000 anadzipha pa dziko lonse mu 2019, ndipo amuna anali oculuka koposa kuwirikiza kawiri akazi. Mwa zigawo zonse za dziko lapansi, Africa ndiye anali ndi ciwerengero cokwera koposa poyerekeza ndi kuculuka kwa anthu. Munthu akayamba kunena kuti watopa ndi moyo, kugawa katundu wake kapena kutsazika mosadziwika bwino, abale asayese nthabwala. Ayenera kukhala naye pafupi, kumfunsa mosabisa, kucotsa ndi kukhomera mankhwala a m'munda ndi a ziweto, ndi kupita naye ku cipatala tsiku lomwelo.

Acinyamata, Okalamba Ndi Amasiye

Msinkhu nawo uli ndi madambo ake. Akatswiri apeza kuti pafupifupi theka la nthenda za maganizo ziyamba munthu asanapitirire zaka 14. Mwana womenyedwa, wogwiriridwa, wamasiye wosamutsidwa khomo ndi khomo, kapena wokulira m'nyumba ya ndeu, anyamula zipserazo mpaka ukulu. Maphunziro aulere amene anayamba mu January 2022 anabwezera ana ambiri m'kalasi, koma wacinyamata amene watsiriza sukulu nabwerera kumudzi wopanda nchito, wopanda munda wakewake, akumana ndi nkhawa ya mtundu wina. Amene apita ku Lusaka kapena ku migodi kukafuna mwai nthawi zambiri apeza lendi, njala ndi kusungulumwa, pamene kumudzi ayembekezera kuti atumize ndalama.

Okalamba ambiri anaika m'manda ana ao m'zaka zimene Edzi inali kupulula anthu, natsala ndi adzukulu oti alere pamene mphamvu zatha. Ena atsala okha cifukwa ana anapita kutauni. Coipa koposa ndi cakuti nkhalamba yokhala yokha, yolankhula yokha cifukwa ca cisoni kapena kuiwala kwa ukalamba, ndiyo iyamba kulozedwa cala kuti ndi mfiti. Munthu wofunika cithandizo apatsidwa citonzo.

Umasiye uli ndi mbali ziwiri m'Cigawo ca Kum'mawa. Kumene mkazi akhala kwao kwa mwamuna, monga pakati pa Angoni, mwamuna akamwalira mkazi angatsale ngati mlendo pa mudzi umene anaugwirira nchito moyo wake wonse. Kumene kuli cikamwini, monga pakati pa Acewa, mkamwini wofedwa ndiye angacoke kusiya ana ndi munda umene anauswa ndi manja ake. Lamulo la mu 1989 logawa cuma ca munthu wofa wosasiya wilo lipatsa ana magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndi ena odalira malemuyo 10. Koma lamuloli silikhudza malo a mwambo, ndiye kuti munda wa mkazi wamasiye uli m'manja mwa banja, nyakwawa ndi mfumu. Ciweruzo ca pa bwalo cingathe kupulumutsa wofedwa kapena kumkankhira m'nthenda.

Matenda okhalitsa aonjezera katundu. Kufufuza kwa mu 2021 kunapeza kuti akulu 11 mwa 100 m'Zambia anali ndi kacilombo ka HIV, ndipo akazi anali oculuka kuposa amuna. Mankhwala a ma ARV atalikitsa moyo, koma kusalidwa ndi kubisa zidwalitsa mtima, ndipo wokhumudwa ndiye asiya msanga kumwa mankhwala. Cimodzimodzi odwala TB, shuga, khunyu, olumala, ndi amene awasamalira usana ndi usiku.

Zimene Zacitika Ndi Zimene Zatsala

Kwa nthawi yaitali cithandizo ca odwala maganizo cinali kudziwika ndi dzina limodzi, cipatala ca Chainama mu Lusaka, cimene cinatsegulidwa mu 1962. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la umoyo wa maganizo, m'malo mwa lakale la nthawi ya atsamunda limene linali kuchula odwala ndi maina onyoza. Lamulo latsopanoli lilemekeza ufulu wa wodwala ndipo lifuna kuti cithandizo cifike kufupi ndi kumene anthu akhala. Imeneyi ndi njira yoyenera, pakuti kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita oposa 500, ndipo madotolo a nthenda za maganizo ndi ocepa, ambiri a iwo ali m'mizinda. WHO inena kuti m'maiko osauka oposa 75 mwa odwala 100 salandira cithandizo ciliconse. Nchito imene yatsala ndi yophunzitsa anamwino ndi othandiza a m'makiliniki a kumidzi kuzindikira nthendazi, ndi kuonetsetsa kuti mankhwala ake sasowa.

Nkhani yolimbitsa mtima ndi yakuti nthenda za nkhawa ndi kukhumudwa zicizika, ndipo kawirikawiri mankhwala ake oyamba ndi kukambirana kolongosoka. Ku Zimbabwe, Dotolo Dixon Chibanda anayambitsa nchito ya Friendship Bench mu 2006, yophunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi kunja kwa kiliniki ndi kuthandiza wovutika kumasula mavuto ake limodzi limodzi. Zotsatira zofalitsidwa mu 2016 zinaonetsa kuti patapita miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi 14 okha pa 100 ndiwo anali akali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa amene analandira cithandizo ca masiku onse anali 50 pa 100. Kuno ku Zambia, bungwe la StrongMinds linayamba mu 2019 kusonkhanitsa anthu, makamaka akazi, m'magulu okambirana motsogozedwa ndi anthu ophunzitsidwa a m'dera lomwelo. Palinso manambala a lamya aulere, 116 ya ana ndi 933 ya akulu, kumene munthu angapeze uphungu.

Koma ngati mizu ya nthendazi ili mu umphawi ndi nkhanza, cipatala cokha sicingaizule. Ndalama zothandiza mabanja ovutikitsitsa, zimene zinayambira ku Kalomo mu 2003, zili ndi mbali yake. Ku Zomba m'Malawi, kufufuza kunaonetsa kuti atsikana a m'mabanja olandira ndalama zotere anacepukidwa maganizo pa nthawi imene ndalamazo zinali kubwera, koma phindulo linazilala zitaleka. Phunziro lake ndi lakuti cimene cicepetsa nkhawa ndi thandizo lodalirika, lofika pa nthawi yake. Fataleza wofika mvula isanagwe, malipiro a zokolola osacedwa, madamu ndi ulimi wothirira, sukulu yosunga mtsikana, zonsezi ndi mankhwala a maganizo ngakhale sizicokera ku Unduna wa za Umoyo.

Udindo Wa Mudzi

Pa zinthu zinai zimene Brown ndi Harris anapeza, cimene cinali ndi mphamvu koposa cinali kusowa munthu womuuza zakukhosi. Ici ndi cinthu cimene mudzi ungapereke popanda kuyembekezera ndalama za Boma. Makolo anati kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu. Mafumu ndi anyakwawa ateteze minda ya amasiye ndi kuletsa kuloza okalamba ufiti. Ankhoswe ndi alangizi amve mbali ya mkazi asanamuuze kupirira. Atsogoleri a mipingo apemphere ndi wodwala, komanso amperekeze ku kiliniki, ndipo asing'anga atumize ku cipatala munthu amene nthenda yake yapitirira. Magulu a cilimba, makalabu a alimi ndi a amai afunse za membala amene wasiya kubwera, m'malo mongomfafaniza m'buku.

Cilala cidzabweranso, monga cinabwera mu 1992, mu 2019 ndi mu 2024. Mudzi wanzeru ukonzekera posunga cimanga m'nkhokwe, komanso podziwiratu makomo amene mphepo idzayamba kuwagwetsa: la mai wamasiye, la mtsikana amene wangobereka, la gogo wolera adzukulu, ndi la bambo amene wayamba kumwa yekha osalankhula ndi munthu. Makomo amenewa adziwika kwa aliyense m'mudzi. Cofunika ndi wina wopita kukaodira, kukhala pansi ndi kumvetsera.